Mimba ya mwana ikamangovuta osasiya: mmene mungalondolere mpaka madokotala apeze ngati muli chotupa

Ine si dokotala, ndinene kaye zimenezo. Ndine mayi wamba wa ku Area 25, koma ndinakhalapo gadiyani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kwa nthawi ndithu ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 12, nanga si kwathu kuno mwana wa mchemwali wako ndi wako yemwe. Anamupeza ndi chotupa m'chifu, cha mtundu woti olo madokotala amene amachiona mwa apo ndi apo mwa ana. Nde zomwe ndinatola pa benchi paja, pofunsa manesi ndi madokotala mpaka kuwatopetsa, ndi zimene ndikufuna ndikugawireni, chifukwa ifeyo tinataya miyezi yambirimbiri tikungozungulira pamodzimodzi.

Musayambe ndi mantha. Mwana akamadandaula m'mimba kuno, nthawi zambiri zimakhala njoka za m'mimba, malungo amene atupitsa kapamba, likodzo la m'matumbo, kamwazi, typhoid, kudzimbidwa, kunyentchera, nthawi zina TB ya m'mimba. Khansa ya m'matumbo kapena m'chifu mwa ana ndi yosowa kwambiri. Ndiye adokotala akakupatsani LA kapena albendazole, mankhwala a njoka aja, pa ulendo woyamba sanalakwitse ayi, amayamba ndi zomwe zimachitika kawirikawiri, ndi mmene anaphunzirira. Nkhani yagona pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu, pamene mankhwala atha koma mwana ali chimodzimodzi. Apa ndi pomwe makolo ambiri timasochera, timati chipatala chija sichinathandize nde tikayese kwina, kwinako akuyambanso pa LA pomwe paja chifukwa sakudziwa kuti mwana anamwa kale kawiri. Ife tinayenda tizipatala titatu, kena ka pulayiveti, ndipo kulikonse timagula kabuku katsopano poti kakale taiwala kunyumba. Mabuku atatu, nkhani imodzi yoduladula, palibe amene anaiona yonse.

Choncho choyamba, kabuku ka kuchipatala kakhale kamodzi, helefu pasipoti ija, ndipo muziyenda nako kulikonse olo mukupita ku pulayiveti. Kakadzadza sokani katsopano pamwamba pa kakale, osataya. Mwana wamng'ono yang'ananinso tsamba la sikelo, mzere uja ukaima kapena kutsika miyezi ingapo motsatizana ndi umboni womwe dokotala amaukhulupirira kuposa kungoti "waonda". Kuwonjezera apo pezani kope la sukulu muzilemba nokha: tsiku lomwe wasanza, wasanza chani, ululu uli mbali iti, umabwera akadya kapena usiku, thupi latentha masiku angati, ndi nambala ya magazi nthawi iliyonse akamuyeza. Nambala imeneyi amati Hb, funsani akuuzani. Wathu uja anali pa 5, anamuthira magazi n'kukwera, patapita masabata angapo watsikanso, kumuthiranso, kutsikanso. Tsiku lomwe dokotala wina anaona manambala onse atandandalikidwa pa tsamba limodzi anangoti, mwanayu magazi akutayika penapake, tifufuze kuti akutulukira kuti. Funso limeneli likanatha kubwera kale tikanasunga zinthu pamodzi.

Chachiwiri, ndipo ichi anthu amachita nacho manyazi, onani chimbudzi cha mwana ndi maso anu. Mwana wa zaka 12 amapita yekha, chimbudzi chake chokumba, mungaone chani mmenemo? Ndipo mwana wamkulu sangabwere kudzakuuzani kuti amayi ndachita zakuda. Ife azakhali ake anali atagamula kale kuti mtsikanayu wakula, magazi akuthera kumwezi, pomwe anali asanayambe n'komwe. Mpatseni chitini kapena poti kwa masiku angapo, muuzeni bwinobwino kuti ndi zachipatala. Chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu, chomata, chonunkha modabwitsa, chimasonyeza kuti magazi akuchokera kumtunda, m'chifu kapena koyambirira kwa matumbo. Magazi ofiira nthawi zambiri amakhala akuchokera kumunsi. Pali kamsampha apa: mapilisi owonjezera magazi aja nawo amadetsa chimbudzi, nde munthu umangoti ndi mankhwalawa. Musagamule nokha, kauzeni adokotala, ndipo jambulani pa foni, kuchipatala palibe amene angakusekeni. Mukaona zakuda chonchi musamupatse aspirin kapena brufen, amawonjezera kutaya magazi.

Zina zoti muziyang'ana pomusambitsa kapena akagona chagada: chinthu cholimba m'mimba chomwe sichisuntha olo atapita kuchimbudzi, mimba yokula pomwe manja ndi miyendo zikuwonda, zikhatho ndi m'zikope moyera, maso achikasu, mwanabere wa m'khosi kapena m'khwapa wosapweteka koma wosaphwa, thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, kukhuta msanga atangodya mbamu ziwiri za nsima. Mukakhudza cholimba musamachifinye finye kapena kuitana aneba onse kuti adzagwireko, zotupa zina monga za impso zimatha kuphulikira mkati.

Koma pali zizindikiro zina zosadikira mawa, kaya ndi usiku kaya ndi Lamulungu pezani galimoto. Masanzi obiriwira ngati msuzi wa masamba, kusanza magazi, mimba yotupa n'kuuma mwana osachita chimbudzi kapena kuphwisa, mwana amene akulira mokuwa atapinda miyendo kenako n'kukhala zii kenako n'kuyambiranso, chimbudzi cha magazi osakanikirana ndi zonanda. Zambiri mwa zimenezi zimatha kutanthauza kuti thumbo latsekeka kapena lalowana lokha ngati mmene sokosi imapindikira mkati. Kwa makanda ndi ana osafika zaka 3 kulowana kwa thumboku nthawi zambiri kumachitika popanda chotupa, koma zikachitika kwa mwana wamkulu madokotala amafufuza chomwe chakoka thumbolo, ndipo nthawi zina chimakhala chotupa. Musamupatse chakudya panjira, mwina akalowa ku fiyeta.

Tsopano kuchipatalako. Njira ya boma mukuidziwa, mumayambira ku health centre, kaya ndi ku Area 25, Area 18 kapena Kawale, kapena ku Bwaila komwe achikulire amati ku Bottom, iwo ndi amene amalemba kalata yokutumizani ku Kamuzu Central. Mukalowa musayambe ndi "mwanayu akumva m'mimba" basi, chifukwa pamzere pali anthu ambiri ndipo dokotala ali ndi mphindi zochepa. Yambani ndi nthawi ndi zomwe zalephera: miyezi itatu, LA kawiri, mankhwala a njoka kamodzi, magazi anamuthira, sikelo yatsika, chimbudzi chakuda. Kenako funsani mwaulemu, adokotala, poti mankhwala awa sanathandize, chotsatira n'chani, kodi sikani singathandize? Si mwano umenewo. Pemphaninso kuti mwana agone pa bedi amugwire pamimba, dzanja la munthu wodziwa limapeza zambiri, ndipo zomwe apeza alembe m'kabuku.

Kuyeza kumayenda mwa masitepe. Amayamba ndi magazi: kuchuluka kwake, malungo, mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito, ndi HIV. Pa HIV musakhumudwe kuti akutiganizira chani, amayeza chifukwa khansa ya Kaposi ndi ma lymphoma ena, khansa zoyambira mu anabere, amakonda ana omwe chitetezo chatsika, ndipo Kaposi imatha kumera m'matumbo osati pakhungu pokha. Chimbudzi ndi mikodzo amayezanso kufuna mazira a njoka ndi likodzo. Akakayikira chiwindi pali magazi ena otchedwa AFP, amakwera kwambiri pa chotupa cha chiwindi cha ana aang'ono chotchedwa hepatoblastoma, chomwe chimagwira makamaka ana osafika zaka 5.

Kenako sikani, yomwe ija ya amayi oyembekezera, amapaka mafuta ozizira pamimba n'kumayendetsa kachipangizo, sipweteka ndipo ilibe cheza choopsa. Imaonetsa ngati chotupa chili pa impso, pa chiwindi kapena m'matumbo, ngati ndi cholimba kapena cha madzi. Koma ndikuuzeni chomwe chinatipusitsa ife: sikani ikhoza kutuluka bwinobwino pomwe chotupa chilipo, chifukwa mpweya wa m'matumbo umatchinga ndipo kachotupa kakang'ono ka mkati mwa chifu sikaoneka. Yathu yoyamba inati zonse zili bwino, tinapita kunyumba tikuimba. Nde sikani ikakhala yabwino koma magazi akutsikabe, bwererani. Ekisire imathandiza kuona ngati thumbo latsekeka komanso kuona m'chifuwa. CT sikani ndi imene imajambula mkati mwatsatanetsatane, kukula kwa chotupa ndi komwe chafika, nthawi zambiri amabaya mankhwala pamtsempha kuti zithunzi zioneke bwino, ndipo mwana wamng'ono amamugonetsa kuti asagwedezeke.

Chomwe chinapeza cha wathu ndi endoscopy, kapaipi kofewa kokhala ndi kamera komwe amalowetsa kukamwa mpaka m'chifu. Yolowera kumunsi kukaona thumbo lalikulu amati colonoscopy. Ana amawagonetsa, samva kanthu. Ntchito yanu gadiyani ndi kusunga malamulo a kusala: akati asadye kuyambira nthawi yakuti, ndiye asadye, olo kaphala olo kabisiketi, chifukwa mwana wogonetsedwa ali ndi chakudya m'mimba akhoza kusanza n'kutsamwa, komanso kamera siiona bwino. Ndinaona agogo ena akubisira mdzukulu mandasi mwachisoni, tsiku lonse linapita pachabe n'kuwapatsa deti ina. Ya kumunsi amamwetsa kaye mankhwala otsegula m'mimba kuti thumbo liyere, ndi yotopetsa koma mukaichita mwatheka amabwereza.

Apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Sikani, CT, kamera, zonsezi zimangonena kuti pali chinthu. Dzina la chinthucho limachokera ku biopsy, kutanthauza kutapa kanyama kakang'ono ka chotupacho, ndi singano kapena pa kamera kapena pa opaleshoni, n'kukakaunika pa maikulosikopu. Ku Central kuli labu ya zimenezi yomwe inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina ya ku America. Pa wodi mudzamva anthu akunong'onezana kuti khansa ukaigwira ndi mpeni imalusa, musalole. Ine ndinaona anthu akuthawitsa ana usiku chifukwa cha mawu amenewa. Chimene chimachitika n'choti ambiri amafika matenda atapita kale patali, nde mwana akamwalira anthu amaloza biopsy. Popanda dzina dokotala sangadziwe chochita, chifukwa zotupazi zimafanana pa chithunzi koma mankhwala ake ndi osiyana kutalitali, ndipo TB ya m'mimba imatha kuoneka ndendende ngati lymphoma.

Tengani Burkitt lymphoma, khansa ya ana yomwe imapezeka kwambiri kuno ku Malawi. Dzinali ndi la Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni yemwe anaifotokoza ali ku Uganda mu 1958, ndipo imayenderana ndi malungo obwerezabwereza pamodzi ndi kachirombo ka Epstein-Barr. Ambiri timaidziwa ndi kutupa nsagwada, koma imameranso m'mimba, makamaka pomwe thumbo laling'ono limakumana ndi lalikulu, kumunsi chakumanja. Imakula mothamanga zedi, chotupa chimatha kuwirikiza m'masiku awiri okha, nde mimba ya mwana ikamakula mooneka sabata ndi sabata musadikire malipiro a mwezi. Ubwino wake imamva chemo, mankhwala opha khansa aja, imasungunuka, si ya mpeni kwenikweni. Pamenepa amatapanso mafuta a m'fupa ndi madzi a pamsana kuti aone komwe yafika. Za madzi a pamsana ndikudziwa mmene timaziopera, koma amatenga timadontho tochepa ndi kasingano, ndipo thupi limapanga ena.

Pomwe cha wathu chinali GIST, chotupa chomera mu khoma la chifu. Mwa akuluakulu chimapezekako, mwa ana ndi chosowa, ndipo chikapezeka nthawi zambiri ndi mwa atsikana a zaka za m'ma 10 kupita mtsogolo, chimadontha magazi pang'onopang'ono mpaka mwana kuyera, ndendende nkhani yathu. Ichi sichimva chemo wamba, chimafuna opaleshoni, ndipo mapilisi a imatinib omwe amathandiza akuluakulu nthawi zambiri sagwira bwino pa mtundu wa ana. Mwaona kusiyana? Wina chemo, wina mpeni, onse mimba. Kuti atsimikize GIST ku labu amathira kanyama kaja mankhwala apadera oonetsa zizindikiro monga CD117, n'chifukwa chake zotsatira zina zimatenga nthawi kuposa zinzake.

Podikira zotsatira chitani izi. Funsani kuti kanyamako kapita tsiku liti ndipo kali ndi nambala yanji, lembani m'kope, siyani manambala a foni awiri omwe amagwiradi, funsani tsiku lobwerera ndi khomo lenileni loti mukagogode. Tsikulo likafika pitani olo sanakuimbireni. Ndipo musamupatse mwana prednisolone kapena dexamethasone wogula nokha biopsy isanachitike. Mapilisi amenewa amaphwetsa lymphoma kwa kanthawi, mwana amaoneka ngati wachira, koma amasokoneza zomwe a labu akanaona, kenako chotupa chimabwerera. Ngati anamwa kale, kaya mankhwala azitsamba kaya a pa golosale, nenani zoona, adokotala akufuna adziwe basi. Mapemphero pempherani ndithu, ifenso abusa ankabwera pa wodi, koma mphini pamimba potupa ayi, zimangobweretsa mabala, ndipo mwana wochepa magazi alibe oti ataye.

Chinthu china chomwe sitichiganizira ndi mbiri ya kumtundu. Khalani pansi ndi agogo mbali zonse ziwiri, kuchimuna ndi kuchikazi, mufunse ndani anamwalira ali wachinyamata ndi vuto la m'mimba, ndani ankachita chimbudzi cha magazi, olo anthu ankati anamulodza. Pali matenda ena oyenda m'magazi a banja. Ena amati FAP, timatuza tambirimbiri timamera m'thumbo lalikulu kuyambira pa unyamata ndipo tikasiyidwa timasanduka khansa, kholo likakhala nawo mwana aliyense ali ndi theka la mwayi wotengera, nde ana a m'banja lotere amayamba kuunikidwa ndi kamera akangopitirira zaka 10 olo asakudwala. Ena ndi Peutz-Jeghers, chizindikiro chake timadontho takuda pa milomo ndi mkati mwa masaya, pa khungu lathu lakudali muyang'ane mkati mwa mlomo pa dzuwa. Koma musathamange mtima mukaona magazi ofiira pang'ono pa chimbudzi cha mwana wa zaka 4 kapena 5 yemwe akusewera bwinobwino, kawirikawiri kamakhala kathuza kamodzi kosaopsa komwe amakadula pa kamera pomwepo, kapena kachilonda ka kudzimbidwa. Akaone adokotala basi. Khansa ya thumbo lalikulu yeniyeni imagwiranso achinyamata a ku sekondale mwa apo ndi apo, ndipo imapezeka mochedwa poti aliyense amati ndi matenda a nkhalamba. Kwa chiwindi mwa ana okulirapo amayang'ananso hepatitis B, yomwe katemera wake ali m'gulu la akatemera a ku sikelo kuyambira 2002.

Kamodzi aka ndikaponyepo: mwana akachotsedwa apendikisi, funsani ngati yapita ku labu ndipo mukatenge zotsatira. Pali kachotupa kena kotchedwa carcinoid komwe kamabisala mmenemo n'kupezeka mwangozi, nthawi zambiri kuchotsa kuja kumakhala kwakwanira, koma dokotala ayenera adziwe kukula kwake.

Ku Central ana a khansa ali ndi gulu lawolawo la madokotala ndi manesi, limagwira ntchito mothandizana ndi Baylor, sukulu ya udokotala ya ku America, ndi pulogalamu ya Global HOPE ya Texas Children's Hospital yomwe inayamba mu 2017, ndipo anzathu a kummwera amapita ku Queens ku Blantyre komwe kulinso Mercy James ya maopaleshoni a ana. Chithandizo cha boma ndi chaulere, chomwe chimadya ndalama ndi thiransipoti, chakudya cha gadiyani ndi geni yomwe yaima kunyumba, nde gawanani pabanja msanga, wina wogona ku wodi, wina wobweretsa chakudya, wina wosamala ana otsala. Ngati ndalama ya minibasi yobwerera pa deti ikuvuta auzeni manesi poyera, osangosowa.

Tsiku lolandira zotsatira musapite nokha, mutu umaima ukamva mawu oti khansa ndipo zonse zonenedwa pambuyo pake zimangodutsa. Tengani munthu wolemba. Pemphani adokotala alembe dzina la chotupacho m'kabuku ndi zilembo zooneka, afotokoze ngati chafalikira kwina, chithandizo chiyamba liti ndipo ndi chotani, ndi zizindikiro ziti zoti muthamangire nazo usiku, komanso ngati abale ake a mwanayo akufunika kuyezedwa. Simunamve, funsaninso, mu Chichewa. Mwana wamkulu musamubisire zonse, wathu anali atamva kale pa makatani ndipo chomwe chinkamuopsa kwambiri n'choti tonse tinkangoti zii akalowa. Achemwali anga atamufotokozera kuti muli kachotupa m'chifu komwe kakumuba magazi ndipo adokotala akachotsa, funso lake loyamba linali loti adzadyanso chipisi liti. Anamuchita opaleshoni, anadula kagawo ka chifu, pano amadya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo poti GIST imatha kubwerera olo patapita zaka timapitabe ku sikani pa madeti omwe anatilembera, mabuku atatu aja tinawasoka pamodzi ndi ulusi wakuda ndipo amakhala m'chikwama changa.